Kodi zimene tapeza powerenga ndi mwana mmodzimmodzi tizilemba ndi kuzisunga bwanji?

Mphunzitsi wa Sitandade 2, Dedza:

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa m'makalasi a ana aang'ono. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza, ndipo m'kaundula mwanga muli ana pafupifupi 90, ngakhale kuti si tsiku lililonse limene onse amabwera. Teremu ino ndayamba kuitana mwana mmodzimmodzi kuti akhale pambali panga n'kundiwerengera mokweza kwa mphindi zochepa, pamene anzake akulemba ntchito m'makope mwawo. Chinandichititsa zimenezi n'chakuti kalasi yonse ikamawerengera pamodzi mawu amamveka bwino kwambiri, moti munthu wodutsa panja angaganize kuti ana onse adziwa kuwerenga, koma mwana akatsala yekha ndi buku zimaonekeratu kuti ambiri amangotsatira pakamwa pa anzawo ochepa amene amatsogolera.

Chimene chikundivuta ndi kasungidwe ka zimene ndikupeza. Pa nthawi imene mwana ali pambali panga ndimaona bwinobwino pamene akukakamira, koma ndikafika pa mwana wachikhumi mutu wanga sungasunge zonse, ndipo ikatha milungu itatu sindingathenso kunena motsimikiza kuti amene ankasokoneza b ndi d anali uyu kapena mnzake. Buku la malikisi limene tili nalo lili ndi mpata wa nambala yokha, ndipo nambalayo siyindiuza chimene ndiyenera kuchita ndi mwanayo ndikamuitananso. Kodi inu mumalemba chiyani kwenikweni, mumalemba pati, ndipo mumatani kuti kulembako kusakudyereni nthawi yophunzitsa? Ndikufuna njira yoti ndingathe kuitsatira mpaka chaka chithe, chifukwa sindikufuna kuyamba chinthu chimene ndidzachisiye pakati pa teremu ana atayamba kale kuchizolowera.

Mphunzitsi wa Sitandade 1, Ntcheu:

Aphunzitsi a ku Dedza, mwayamba ntchito yabwino, ndipo ndikukupemphani kuti musaileke. Ine ndimagwiritsa ntchito kope limodzi lalikulu lachikuto cholimba, ndipo mwana aliyense ndimamupatsa tsamba lakelake, motsatira nambala yake ya m'kaundula, kuti ndisamataye nthawi kufunafuna dzina mwanayo ataima kale patsogolo panga. Mapepala ongoyoyoka sindiwakhulupirira, chifukwa m'kalasi yopanda kabati amasowa msanga. Kumapeto kwa kope ndimasiya masamba angapo opanda kanthu kuti ndidzalembemo ana obwera pakati pa chaka.

Chofunika kwambiri pa tsambalo ndi kulemba zimene mwana wanenadi ndi pakamwa pake. Ngati m'buku mwalembedwa kuti phala iye n'kuwerenga kuti pala, lembani mawu onse awiri moyandikana. Ngati pa nkhuku wanena kuti kuku, pa ng'ombe wanena kuti ngombe, kapena pa bowa wanena kuti dowa, lembani chimodzimodzi. Anawa angathe kupeza malikisi ofanana, tinene kuti 4 pa 10, koma zimene zikuwavuta n'zosiyana kotheratu: woyamba sanagwire kusiyana kwa p ndi ph, wachiwiri amadumpha malembo oyambirira a phatikizo lalitali, wachitatu sanadziwe ntchito ya kachizindikiro ka pa ng', ndipo wachinayi akutembenuza malembo awiri ofanana maonekedwe. Nambala imawaika onse m'gulu limodzi, pamene mawu amene analakwitsa amakusonyezani pamene mungayambire ndi aliyense. Lembaninso zimene mwana amachita akafika pa mawu ovuta, chifukwa wina amangokhala chete n'kukuyang'anani, wina amayang'ana chithunzi n'kungoganizira mawu, pamene wina amayesa kuphatikiza maliwu yekha. Mwana amene walakwitsa kenako n'kudzikonza yekha ndimamuikira chizindikiro chapadera, popeza ameneyo wayamba kumva ngati zimene akuwerenga zikupereka tanthauzo kapena ayi.

Pa kukumana kulikonse ndimalemba mizere itatu kapena inayi basi. Mzere woyamba umakhala wa tsiku ndi tsamba limene tawerenga, wachiwiri wa chinthu chimodzi chimene mwana wachita bwino, wachitatu wa mawu amene walakwitsa, ndipo womaliza wa chimene ndidzayambire ulendo wotsatira. Mzere womalizawu ndi umene ndimauwerengera kwambiri, moti tsiku limene nthawi yachepa ndimalolera kusiya mizere inayo koma uwu wokha ndiulembe. Ndisanamuitane mwana ndimayamba ndawerenga mzere womaliza wa ulendo wapitawo, ndipo akafika ndimamuuza kuti, ulendo uja tinagwirizana zoti uziyang'anitsitsa mawu okhala ndi kh, tiye tione lero. Ana amasangalala kwambiri akaona kuti aphunzitsi akukumbukira nkhani yawoyawo pakati pa anzawo ambirimbiri. Tsambali limagwira ntchito ngati kadi ya kusikelo, pamene kulemera kwa mwezi umodzi sikunena zambiri, koma mukayang'ana miyezi ingapo motsatizana mumaona ngati mwana akukula kapena waima.

Chenjerani ndi ana oloweza. Buku la ophunzira limawerengedwa mobwerezabwereza m'kalasi, ndipo ana athu ali ndi luso lalikulu losunga zinthu pamtima, moti wina angathe kunena tsamba lonse chala chake chili pa mzere wina. N'chifukwa chake ndimasunga timakadi todula kuchokera ku makatoni, pamene ndinalembapo ziganizo zanga zopangidwa ndi maphatikizo omwewo amene taphunzira, ndipo m'kope ndimasonyeza ngati mwana wawerenga kuchokera m'buku kapena pa kadi. Mwana amene amathamanga m'buku koma n'kukakamira pa kadi ndimamulembera kuti waloweza, ndipo ulendo wotsatira sindimupatsanso buku.

Pa nkhani ya nthawi, werengetsani motere. Mukamaitana ana atatu pa tsiku, pa mlungu mukhala mutaonana ndi ana 15, ndipo ana anu 90 muwamaliza m'milungu isanu ndi umodzi, kutanthauza kuti pa teremu mwana aliyense mungathe kumuona kawiri. Komabe musawagawire nthawi mofanana. Mwana amene akuwerenga kale mosadodoma angathe kudikira, koma amene sanadziwe maliwu a malembo afunika kumuona pafupipafupi. Kuseri kwa chikuto cha kope jambulani mizere, mayina motsitsa ndipo milungu mopingasa, n'kumachonga mwana amene mwaonana naye. Mudzadabwa kuona kuti amene amatsala osachongedwa si ochita bwino kapena ovutika kwambiri, koma ana ofatsa a pakatikati amene sadzetsa vuto lililonse m'kalasi.

Mlangizi wa aphunzitsi wopuma pantchito, Zomba:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene anena aphunzitsi a ku Ntcheu, makamaka pa kulemba mawu enieni amene mwana wanena. Ndiwonjezerepo mbali ina, ndipo pa chinthu chimodzi ndisiyana nawo pang'ono.

Kuyambira m'chaka cha 2016, pamene Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa pulogalamu ya kuwerenga ya dziko lonse, imene aphunzitsi amangoitchula kuti NRP, maphunziro a Chichewa a m'makalasi oyambirira amatsatira mbali zisanu: kumva ndi kuzindikira maliwu, kulumikiza maliwu ndi malembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa matanthauzo a mawu, ndi kumvetsa nkhani. Mabuku a mphunzitsi okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi amayenda motsatira mbali zimenezi, choncho n'kwanzeru kuti zimene mukulemba za mwana zizisonyeza kuti vuto lake lili pa mbali iti. Kalembo kamodzi m'mphepete mwa tsamba n'kokwanira. Ubwino wake ndi wakuti mukadziwa mbali imene mwana watsalira, mumadziwanso phunziro la m'buku la mphunzitsi limene muyenera kubwererako.

Kalembedwe kotsatira mwana liwu ndi liwu pamene akuwerenga kanatchuka kudzera mwa Marie Clay, katswiri wa zamaphunziro wa ku New Zealand. M'njira yakeyo mphunzitsi amachonga mawu aliwonse amene mwana wawerenga molondola, amalemba zimene wanena m'malo mwa mawu amene walakwitsa, kenako amawerengetsa. Mwana akakhoza mawu 95 kapena kuposerapo pa mawu 100 aliwonse, nkhaniyo angathe kuiwerenga yekha. Akakhoza pakati pa 90 ndi 94, ndi nkhani yoyenera kuphunzirirapo mothandizidwa ndi mphunzitsi. Akatsika pansi pa 90, ndiye kuti yamulemera ndipo afunika ina yosavuta. Muyeso umenewu ndi wothandiza posankha chimene mwana awerenge, koma tizikumbukira kuti unakonzedwera Chingerezi ndiponso makalasi a ana ochepa. M'Chichewa mawu amodzi amanyamula zimene m'Chingerezi zimafuna mawu angapo. Mawu akuti akuphunzira ali ndi maphatikizo asanu, ndipo mwana amene wakhoza anayi n'kuphonya limodzi sali pamalo amodzi ndi amene sanayese n'komwe, ngakhale kuti onse awiri angawerengedwe kuti alakwa. Kwa ana oyamba kumene, dulani mzere pansi pa phatikizo limene laphonyedwa m'malo modula mawu onse.

Palinso muyeso wa mphindi imodzi umene unagwiritsidwa ntchito kwambiri m'kafukufuku wa EGRA, woyesa luso la kuwerenga la ana a m'makalasi oyambirira: mwana amawerenga nkhani kwa masekondi 60, woyesa amadula mawu olakwika ndi kuika chizindikiro pamene mwana walekezera, ndipo chotsatira chake ndi chiwerengero cha mawu olondola pa mphindi. Mungathe kuchita zimenezi kamodzi pa teremu ndi wotchi ya pa foni. Nambalayo muziifanizira ndi ya mwana yemweyo ya teremu yapita, osati ndi manambala a Chingerezi amene mungawaone pa intaneti. Ndipo musalekere pa liwiro. Akamaliza mufunseni mafunso awiri kapena atatu okhudza nkhaniyo, limodzi mwa iwo likhale loti yankho lake silinalembedwe mwachindunji, ndipo mulembe yankho lake monga walinenera.

Pamene ndikusiyana ndi aphunzitsi a ku Ntcheu ndi apa. Tsamba la mwana mmodzi limakusonyezani mwanayo, koma limabisa chithunzi cha kalasi yonse. M'kalasi ya ana 90, pamene cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, simungathetse vuto lililonse pokumana ndi mwana payekha kwa mphindi zisanu. Ndikulangiza kuti pakatha milungu iwiri iliyonse mukhale pansi, mudutse m'masamba onse amene mwalemba, n'kusonkhanitsa pa tsamba limodzi mavuto amene akubwerezedwa pamodzi ndi mayina a ana ake. Mukapeza kuti ana ochuluka akusokoneza ch ndi tch, limenelo si vuto la anawo payekhapayekha, koma ndi phunziro loyenera kubwerezedwa kwa kalasi yonse. Mukapeza ana asanu ndi mmodzi amene sanadziwe malembo a liwu, amenewo ndi gulu loti muzikhala nalo padera. Tsamba limeneli ndi limene muyenera kupita nalo ku TDC, kumene aphunzitsi a sukulu za m'zoni imodzi amakumana, kapena kuwaonetsa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a m'zoniyo, akabwera, chifukwa limayambitsa kukambirana za kaphunzitsidwe, osati kungoona ngati mabuku asainidwa.

Mphunzitsi wa Sitandade 3, Mangochi:

Zikomo akuluakulu chifukwa cha malangizo amenewa. Ine ndikufuna kunenapo za mzere wa pamwamba pa tsamba, umene ndimaulemba kamodzi kokha pachiyambi cha chaka. Kuno ana ambiri amalankhula Chiyao kunyumba, ndipo ena amayamba kumva Chichewa chochuluka atafika kusukulu. Pafupi ndi dzina la mwana ndimalemba chilankhulo chimene amalankhula kwawo, chifukwa chimasintha kamvedwe kanga ka zimene ndikuona. Ndakhala ndi ana amene amatchula mawu onse molondola, popeza kalembedwe ka Chichewa kamatsatira katchulidwe, koma ukawafunsa za nkhaniyo amangokhala chete. Ndikawafotokozera mawu awiri kapena atatu m'Chiyao n'kufunsanso, amayankha bwinobwino. Mwana wotereyu vuto lake si kuphatikiza malembo, koma kuchepa kwa mawu a Chichewa amene akuwadziwa, ndipo kope liyenera kunena zimenezi momveka, kuti asabwezedwe ku a, e, i, o, u pamene iye akufunika kumva nthano ndi kucheza kwambiri. Ndikukhulupirira kuti anzathu a ku Mzimba, ku Nsanje ndi ku Phalombe amakumana ndi zofananazi ndi ana olankhula Chitumbuka, Chisena ndi Chilomwe. Inunso ku Dedza mungakhale ndi ana ochepa otere, makamaka obwera kuchokera kwina.

Ndimalembanso zimene maso anga aona pa thupi la mwana pamene akuwerenga. Mwana amene amayandikitsa buku kumaso kwambiri, kapena amene amatembenuzira khutu limodzi kwa ine ndikamalankhula, ndimalemba tsiku ndi zimene ndaona, popanda kutchula dzina la matenda, chifukwa ine si dokotala. Zikachitika kangapo ndimapita nazo kwa aphunzitsi aakulu kuti tiitane makolo ndiponso mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, ngati alipo m'zoni. Aphunzitsi amenewa, amene ambiri a iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, amathandizika kwambiri akapeza kuti pali zolembedwa za miyezi ingapo. Mwana akajomba pa tsiku lake lowerenga ndimalembanso kuti sanabwere, kuti mpata umene uli pa tsamba lake usadzaoneke ngati ndinamuiwala, komanso kuti ndione ngati kujombako kumagwa pa tsiku la msika kapena m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa m'kopemo. Musalembe kuti mwana ndi waulesi kapena wopanda nzeru, chifukwa mawu otere amamutsatira mpaka m'makalasi a kutsogolo, ndipo sauza mphunzitsi wina chochita. Musalembe nkhani za m'banja mwake zimene wakuuzani mokukhulupirirani. Mayina a ana amene akutsalira musawapachike pakhoma, ndipo masamba a kopeli musawajambule n'kutumiza pa magulu a WhatsApp dzina la mwana likuoneka, ngakhale mukufuna kufunsa nzeru kwa anzanu. Kholo likabwera, litsegulireni tsamba la mwana wake yekha. Ndaona kuti makolo, ngakhale amene sadziwa kuwerenga, amamvetsera mwachidwi ukawaonetsa kuti mwezi wapita mwana wawo ankadziwa malembo owerengeka ndipo tsopano akuwerenga mawu athunthu, ndipo ukawapempha kuti mkulu wake azimumvetsera akuwerenga madzulo amavomera mosavuta.

Mphunzitsi wa Sitandade 2, Dedza:

Ndathokoza kwambiri nonsenu. Kope lachikuto cholimba ndigula kumapeto kwa mlungu uno, ndipo tsamba losonkhanitsira mavuto a kalasi yonse ndiliika koyambirira kwenikweni. Ndatsala ndi mafunso awiri. Kodi ana ena onse mumawapatsa chiyani kuti phokoso lisakulepheretseni kumva mwana amene akuwerenga, makamaka poti ena amawerenga motsitsa mawu kwambiri? Ndipo chaka chikatha, kopelo limakhala la ndani, langa kapena la sukulu?

Mphunzitsi wa Sitandade 1, Ntcheu:

Musanayankhidwe, ndivomereze kuti mfundo ya abambo a ku Zomba yosonkhanitsa mavuto pa tsamba limodzi ndi yoona, ndipo imapulumutsa nthawi yambiri kuposa imene imatenga.

Pa funso la phokoso, nthawi yabwino ndi pamene ana akulemba ntchito imene angathe kuichita okha, monga kukopera maphatikizo kapena kujambula zimene amva m'nkhani, osati ntchito yatsopano imene iwachititse kubwera kwa inu ndi mafunso. Khalani pamalo oti mukuona kalasi yonse, mwana akhale pambali panu osati moyang'anizana nanu, kuti nonse muziona tsamba limodzi ndipo khutu lanu likhale pafupi ndi pakamwa pake. Atsogoleri a magulu auzeni kuti pa mphindi zimenezo mafunso onse azipita kwa iwo. Mwana wamanyazi kwambiri mungathe kumumvetsera pa nthawi yopuma kapena anzake akangoweruka, chitseko chili chotsegula ndipo mnzake mmodzi akumudikira pafupi. Lembani mwanayo asanachoke, ndipo mumuuze zimene mukulemba, kuti asaganize kuti akulembedwa mlandu.

Pa funso lachiwiri, kopelo mwagula ndi ndalama zanu, koma zimene zili m'katimo ndi zothandiza ana, choncho ziyenera kuwatsatira. Kumapeto kwa teremu yachitatu ndimalemba mizere iwiri pansi pa tsamba lililonse, wina wonena zimene mwana akutha tsopano ndi wina wonena poyambira, kenako ndimadziwitsa aphunzitsi aakulu n'kukhala pansi ndi mphunzitsi wa kalasi yotsatira kuti tidutsemo limodzi. Kungomupatsa kope osakambirana sikuthandiza kwenikweni, chifukwa zizindikiro zanu sangazimve zonse, ndipo ndi bwino kulemba tanthauzo la chizindikiro chilichonse pa tsamba loyamba. Ana obwereza kalasi ndimakopera mizere yawo iwiriyo m'kope latsopano, kuti ndisadzayambe nawo ngati alendo. Mwana akamasamukira ku sukulu ina, mizere yomweyo ilembeni pa pepala, aphunzitsi aakulu adindepo chidindo, ndipo lipite pamodzi ndi kalata yake yosamukira. Lembani ndi bolopeni osati pensulo, ndipo kopelo muzilisunga mu jumbo mu ofesi ya aphunzitsi aakulu kapena m'chikwama chanu, chifukwa m'nyengo ya mvula denga lodontha ndi chiswe zingathe kuwononga ntchito ya miyezi yambiri.